Kodi ku Kapata Kuli Walter White? Mafunso ndi Mayankho pa Breaking Bad ndi Malonda a Mankhwala Osokoneza Bongo

Masewero a pa TV a ku America onena za malonda a mankhwala osokoneza bongo afika paliponse. Ku Kapata, mu Chipata, munthu safunikira dishi kapena Netflix kuti awaonere. Amangopita ndi foni kapena fulashi pa kashopu kothira nyimbo ndi mafilimu, n'kubwerako ndi sewero lathunthu. Mwa masewero amenewa lotchuka kwambiri ndi Breaking Bad. Makolo ena amaliopa, achinyamata ena amalitamanda, koma ambiri mwa iwo amaphonya chimene seweroli likunena. Amene simunalionere mpaka kumapeto mudziwiretu kuti mathero ake aululidwa pano.

Kodi Breaking Bad ndi sewero lanji?

Linayamba kuonetsedwa pa kanema wa AMC ku America mu January 2008 ndipo linatha mu September 2013, litakwana magawo 62. Amene analikonza ndi Vince Gilligan. Nkhani yake ndi ya Walter White, mphunzitsi wa kemisitiri pa sekondale ina mu mzinda wa Albuquerque, m'chigawo cha New Mexico. Bamboyu ali ndi zaka 50, malipiro ake sakwanira moti akaweruka kusukulu amakagwira ganyu pamalo otsukira magalimoto. Mkazi wake Skyler ndi woyembekezera, ndipo mwana wawo wamwamuna ali ndi ulumali wobadwa nawo. Ndiye adokotala amamuuza kuti ali ndi khansa ya m'mapapo.

Walter amagwirizana ndi Jesse Pinkman, mnyamata amene kale anamuphunzitsapo m'kalasi, n'kuyamba kuphika methamphetamine, mankhwala oopsa ooneka ngati timiyala tagalasi. Chimene chimakometsa nkhaniyi n'chakuti Hank Schrader, mwamuna wa mlamu wake wa Walter, ndi wapolisi wa bungwe la DEA lolimbana ndi mankhwala omwewa. Amadyera limodzi, amaseka limodzi, Hank osadziwa kuti munthu amene akumusaka usana ndi usiku ndi amene wakhala naye pa tebulo. Bryan Cranston, amene anasewera ngati Walter, analandira mphoto ya Emmy kanayi chifukwa cha mbali imeneyi, ndipo gawo lomaliza linaoneredwa ndi anthu oposa 10 miliyoni ku America kokha usiku umene linatuluka.

N'chifukwa chiyani anthu amamukonda Walter pamene ndi chigawenga?

Chifukwa poyamba amamvetsa chisoni, ndipo chisoni chake n'chodziwika kwa aliyense wa ife. Mphunzitsi wanzeru wosalemekezedwa, malipiro otha mwezi usanafike pakati, matenda odula. Palibe banja ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika limene silinaonepo wodwala akufunika kupita ku Lusaka ndalama ya basi palibe. Tikamuona Walter akuyamba kuopedwa ndi anthu amene ankamunyoza, mtima umakhala pansi, ngati wabwezera m'malo mwathu.

Olemba seweroli anachita dala zimenezi. Anafuna kuti woonera amukonde munthuyu kaye, kenako aone kuti adzamuikira kumbuyo mpaka pati. Walter amaimirira n'kumangoyang'ana Jane, chibwenzi cha Jesse, akutsamwa mpaka kufa, pamene akanatha kumutembenuza n'kumupulumutsa. Amapatsa poizoni Brock, kamwana kosalakwa, kuti akwaniritse chiwembu chake. Amalamula kuti amuna khumi aphedwe m'ndende nthawi imodzi. Ngati pofika apa mukadali kumuwombera m'manja, funso la seweroli lafika pa inu.

Koma si umphawi ndi matenda zimene zinamukakamiza?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene achinyamata ambiri amaphonya. Kumayambiriro kwenikweni, anzake akale a Walter, Elliott ndi Gretchen Schwartz, amene analemera ndi kampani imene iye anayambitsa nawo, anadzipereka kuti amulipirire chithandizo chonse cha kuchipatala. Walter anakana. Anaona kuti kulandira thandizo kwa anthu amenewa n'kudzitsitsa. Njira yoyera inalipo, iye anasankha inayo chifukwa cha kudzikuza.

Kenako anakhala pansi n'kuwerengera kuti banja lake likufunika madola 737,000 kuti lidzakhale bwino iye atamwalira. Ndalamazo anazipeza, ndipo khansa inayamba kuchepa, koma sanasiye. Pofika kumapeto anali ndi madola pafupifupi 80 miliyoni m'migolo imene anakwirira m'chipululu, ndalama zoti sakanatha kuzidya ngakhale atakhala ndi moyo zaka zina zana. Banja limene ankati akulivutikira linapasuka. Hank anaphedwa m'chipululu momwemo, mwana wake anamukana, Skyler anatsala ndi milandu. M'gawo lomaliza Walter amavomera yekha kwa mkazi wake kuti zonsezi ankachitira iye mwini, chifukwa zinkamusangalatsa ndipo ankadziona kuti ndi katswiri.

Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ndi imene imatikhudza kwambiri kuno. Mawu akuti "ndikufuna kudyetsa ana" timawamva kwa aliyense amene wagwidwa, ndipo kwa ambiri ndi oona. Mayi amene walandira kachikwama kuti akapereke ku Lusaka mwina analidi wopanda ndalama ya renti. Koma mawu omwewa amabisanso anthu amene anakhuta kale. Ana amene akuti akuwadyetsawo amadya ndalama yochokera m'thumba la mwana wa mnzawo, amene waba foni ya amayi ake kuti agule kapaketi. Seweroli silimulola Walter kubisala kumbuyo kwa banja lake, ndipo ifenso tisamalole zimenezi mosavuta.

Kodi ku Chipata kulidi malonda a mtundu umenewu?

Alipo, koma nkhope yake ndi ina. Mankhwala aakulu a kuno ndi chamba, chimene achinyamata amati dobo. China chimalimidwa m'chigawo chathu chomwe cha Kum'mawa, nthawi zambiri pakati pa mizere ya chimanga kapena m'dimba lobisika, kuti wodutsa panjira asazindikire. China chimachokera ku Malawi, kumene chamba cha ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzimba chinatchuka kunja ndi dzina lakuti Malawi Gold. Kumeneko amachimanga zolimba m'makungwa ouma a nthochi, chimaoneka ngati chitsononkho cha chimanga, n'kuchisunga kuti chipse bwino.

Chipata ili pamalo ovuta. Chipata cha pa malire cha Mwami chili pafupi kwambiri ndi tauni, Lilongwe ili pafupi nafe kuposa Lusaka, imene ili pa mtunda wa makilomita oposa 550. Mu December 2022 apulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula malo atsopano a pa malire a Mwami ndi Mchinji, kumene katundu amayenderedwa pamalo amodzi. Koma malire athu ndi Malawi ndi aatali, kuyambira ku Vubwi mpaka kupitirira Lundazi, ndipo mbali zonse ziwiri kuli anthu amodzi, Achewa, Angoni ndi Atumbuka, okwatirana, oyenderana pa maliro, okumana ku Kulamba ku Mkaika ndi ku Nc'wala ku Mtenguleni. Njira zachidule zodutsa m'minda sizingawerengeke. Njinga yonyamula thumba la makala kapena la mtedza siidabwitsa munthu, ndipo m'kati mwa thumba lotere ndi momwe katundu wina amabisidwa. Akafika m'tauni amagawidwa kukhala timipira tating'ono togulitsa kamodzikamodzi, wina amakwera basi kapena thiraki kutsata Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, mpaka kukafika m'makomboni a Lusaka monga Chibolya.

Mu unyolo wonsewu mulibe katswiri wa kemisitiri wovala chipewa chakuda. Muli mlimi amene mtengo wa chimanga kapena thonje wamugwiritsa mwala, muli wapanjinga, muli kondakitala, muli mnyamata woima pa ngodya madzulo.

Nanga mankhwala amene Walter ankaphika anafika kuno?

Anafika kumwera kwa Africa kuno, ndipo ali pafupi kuposa momwe tikuganizira. Ku Cape Town amawatcha tik ndipo akhala akuwononga achinyamata kwa zaka zoposa makumi awiri. Ku Zimbabwe amati mutoriro kapena guka. Mu July 2024 apolisi a ku South Africa anatulukira fakitale yophikira mankhwalawa pa famu ina ku Groblersdal, m'chigawo cha Limpopo, ndipo anati katundu wake anali wa ndalama pafupifupi marandi 2 biliyoni. Pakati pa omangidwa panali nzika za Mexico. Zimene tinkati ndi za m'sewero zinachitika pa famu ya ku Limpopo, dera limene abale athu opita ku Johannesburg amadutsa pa basi.

Palinso heroin. Amachokera ku Afghanistan, amawoloka nyanja ya Indian Ocean pa zombo zamatabwa, amatsikira kugombe la kumpoto kwa Mozambique, kenako amayenda pamsewu kupita ku South Africa. Wina amatsalira m'njira, ndipo ndi amene amapezeka m'timapaketi m'mizinda yathu. Mu Lusaka amamutcha volo, ndipo amamusakaniza ndi chamba posuta. Chigawo chathu chimalumikizana ndi Tete ku Mozambique kudzera pa malire a Chanida, choncho sitinganene kuti tili kutali ndi njira imeneyi.

Koma ngati mufuna kudziwa chimene chikuwononga ana ambiri tsiku ndi tsiku, yang'anani pansi m'ngalande za kuseri kwa mabala. Mupeza timabotolo ta mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene achinyamata amamwa botolo lonse kapena kuthira mu zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mupezanso timabotolo ta mowa waukali wotsika mtengo. Boma linaletsa tujilijili mu April 2012, nthawi imene Nkandu Luo anali nduna ya maboma aang'ono, koma mowawo unangosintha chotengera. Onjezerani kachasu. Mwana amene anthu amamutcha junkie lero kawirikawiri anayambira pa zinthu zimenezi, zimene zimagulidwa ndi ndalama yotsala pogula ndiwo.

Kodi Zambia inayamba liti kulimbana ndi zimenezi?

Nkhondoyi ndi yakale kuposa Breaking Bad. M'zaka za m'ma 1980 Zambia inali njira ya mapiritsi a mandrax ochokera ku India kupita ku South Africa, ndipo amene ankatchulidwa sanali anyamata a m'komboni, anali anthu a masuti. Mu 1985 Kenneth Kaunda anatsekera ena mwa iwo n'kukhazikitsa bwalo lapadera lofufuza, lotchedwa Chaila Tribunal. Mu 1989 kunabadwa Drug Enforcement Commission, imene tonse timangoti DEC. Kumayambiriro kwa 1994, mu ulamuliro wa Frederick Chiluba, nduna zina zinatula pansi maudindo mayiko othandiza Zambia atadandaula za nkhani ya mankhwalawa, ngakhale kuti ndunazo zinakana milanduyo. Ngati mukufuna anthu ofanana ndi Gus Fring, mwini malo ogulitsira nkhuku yokazinga wa m'seweroli amene ankapereka mphatso kwa apolisi uku akuyendetsa malonda onse, mbiri yathu imatiuza kuti tiwafunefune pamwamba. Ku msika wa Kapata simungawapeze.

Ndi chifukwa chake DEC ili ndi nthambi yofufuza ndalama zobisidwa, motsatira lamulo la 2001, ndipo lamulo la 2010 limalola boma kulanda katundu wopezeka ndi ndalama za umbanda. Walter ndi Skyler anagula malo otsukira magalimoto kuti ndalama zawo zizioneka ngati za bizinesi yoyenera. Njira imeneyi ndi yeniyeni, ndipo kuitsata n'kovuta kwambiri kuposa kugwira wapanjinga pa Mwami.

Tinamva kuti boma linaloleza chamba. Si zoona?

Ayi, osati momwe anthu amanenera m'mabala. Mu 2021 nyumba ya malamulo ya Zambia inakhazikitsa malamulo atatu otsatizana: Cannabis Act, Industrial Hemp Act, ndi lamulo latsopano la Narcotic Drugs and Psychotropic Substances limene linalowa m'malo mwa la 1993. Awiri oyambawo amalola kulima chamba cha mankhwala a kuchipatala, cha kafukufuku, ndi mtundu wina wosaledzeretsa wopangira nsalu ndi mafuta, koma kwa okhawo amene ali ndi laisensi. Kusuta, kugulitsa pamsewu, kapena kudzala kuseri kwa nyumba ndi mlandu mpaka lero. Peter Sinkamba wa chipani cha Green Party wakhala akulimbikitsa kwa zaka zambiri kuti dziko lipindule ndi mbewuyi, ndipo mwina n'kumene ena anasokonezekera.

Ku Malawi n'chimodzimodzi. Lamulo lawo la 2020 linatsegula ulimi wa chamba cha mankhwala, koma laisensi yake inaikidwa pa madola 10,000. Mlimi wa ku Nkhotakota amene makolo ake anaidziwa mbewuyi kalekale ndalama yotere sangaipeze. Iye akadali wolakwa pamaso pa lamulo, pamene kampani yokhala ndi chuma imalima mbewu yomweyo ndi chilolezo. Chimenechi n'chinthu chimene atsogoleri a mayiko onse awiri ayenera kuchiyang'ananso, chifukwa lamulo lotere limasiya wosauka m'manja mwa ozembetsa.

Ndiye ndani amalemera, ndani amamangidwa?

Pa funso ili Breaking Bad silithandiza kwambiri, chifukwa diso lake lili pa bwana. Sewero limene limayankha bwino ndi The Wire, limene linaonetsedwa pa HBO kuyambira 2002 mpaka 2008. Analilemba David Simon, amene anali mtolankhani wa nyuzipepala ya Baltimore Sun, mothandizana ndi Ed Burns, amene anagwirapo ntchito ya upolisi kenako ya uphunzitsi mu mzinda womwewo wa Baltimore. Anthuwa ankalemba zimene anaona ndi maso.

Mu The Wire muli Wallace, mnyamata wa zaka 16 wogulitsa mankhwala pabwalo la nyumba za anthu osauka. M'mawa amadzutsa tiana timene amakhala nato m'nyumba yosiyidwa, n'kutigawira timapaketi ta chakudya popita kusukulu. Atafuna kusiya malondawa, bwana wake Stringer Bell amakayikira kuti aulula, ndipo amatuma anzake a Wallace omwe, amene anakulira nawo limodzi, kuti akamuphe. Mbali ina ya seweroli imatsata ana anayi a sukulu, ndipo mmodzi wa iwo, Dukie, wanzeru ndi wofatsa, amathera pa kudzibaya jakisoni m'khwalala. Apolisi nawonso amaonetsedwa akukakamizidwa ndi akuluakulu awo kuti amange anthu ambiri kuti ziwerengero zioneke bwino, pamene ndalama zikukwera kupita kwa maloya, amabizinesi ndi andale.

Chithunzi chimenechi ndi chathu. Mtengo wa chamba umakwera pa dzanja lililonse limene chadutsa, ndipo wolima ndi wonyamula ndi amene amalandira zochepa koma ndi amene ali poyera. Lamulo lakale la 1993 linali lolimba moti munthu wopezeka ndi chamba choposa theka la galamu ankaimbidwa mlandu wogulitsa, ndipo belo sankapatsidwa. Theka la galamu silikwana ngakhale ndudu imodzi yabwino. Taganizani mnyamata wa giredi 11 amene walowa ku ndende ya Namuseche pa mlandu wotere: sukulu yatha, mbiri yaipa, ndipo m'katimo wakumana ndi aphunzitsi a umbanda weniweni. Sindikunena kuti lamulo lisagwire ntchito. Ndikunena kuti kudzaza ndende ndi onyamula sikunachepetse katundu pamsika, chifukwa mawa lake bwana amapeza wapanjinga wina.

Kodi ana aziloledwa kuonera masewero otere?

Ana aang'ono ayi. Muli kuphana, kutukwana ndi zina zosayenera msinkhu wawo. Kwa achinyamata okulirapo vuto lalikulu ndi kaoneredwe kake. Ambiri saonera sewero lonse. Amaona tizidutswa ta pa TikTok ndi Facebook, Walter atavala chipewa akuopseza anthu, milu ya ndalama, nyimbo ikugunda pansi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Tizidutswato sitionetsa Jesse atamangidwa unyolo m'dzenje ngati kapolo, kapena kamwana kauve kosiyidwa kokha m'nyumba ndi makolo oledzera mankhwala, kamene Jesse anakumana nako kakungoonera TV yosaonetsa chilichonse cha ana. Ngati mwana wanu wa sekondale akulionera kale, kuletsa sikuthandiza kwenikweni. Khalani naye, muonere limodzi mpaka kumapeto, ndipo mumufunse kuti pa anthu onse a m'seweroli ndani watsala ndi chimene ankafuna.

Mwana wanga wayamba kale. Ndichite chiyani?

Choyamba musadikire kuti afike povula zovala pamsewu. Zizindikiro zimabwera msanga: kugona masana, maso ofiira, kujomba kusukulu, kukwiya msanga, anzake atsopano amene safuna kulowa m'nyumba, ndi kusowa kwa tinthu tating'ono monga chaja, mbale kapena ndalama ya pa sitolo. Chamba chosutidwa kwambiri munthu akadali wamng'ono chimawonjezera chiopsezo cha matenda a maganizo, ndipo amene wazolowera heroin kapena codeine akasiya mwadzidzidzi thupi limaphwanya, amatuluka thukuta, amatsegula m'mimba, sagona. Amenewa ndi matenda, ndipo chikwapu sichiwachiza. Si ufiti, ndiponso si chinthu choti banja libise chifukwa cha manyazi.

DEC ili ndi nthambi ya maphunziro ndi uphungu, imene ntchito yake ndi kulangiza anthu amene akodwa ndi mankhwalawa pamodzi ndi makolo awo, ndipo ofesi ya DEC ya chigawo chino ili mu Chipata momwemuno. Mungayambirenso pa kiliniki ya Kapata, kumene angakutumizeni ku Chipata Central Hospital, ndipo zikavuta kwambiri kuli chipatala cha Chainama ku Lusaka. Pemphero ndi malangizo a ankhoswe a banja, amalume ndi azibusa n'zofunika, koma ziyendere limodzi ndi chithandizo cha kuchipatala.

Malo osungirako achinyamata amene akusiya mankhwala ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ambiri ali kutali ndi ife komanso ndi olipiritsa. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo mzinda wa pamalire ngati uno uyenera kukhala ndi malo ake otere. Inu a khansala, a komiti ya CDF, mafumu athu ndi atsogoleri a mipingo, nkhani imeneyi ikhale pa mndandanda wa msonkhano wanu wotsatira. Ndipo inu mayi kapena bambo amene mwazindikira zizindikirozi m'nyumba mwanu, mutengeni mwanayo sabata ino, mupite naye kwa aphungu apolisi asanamupeze.